A Phiri ndili nawo anayi, malinki afa: manotsi tiziwatcha bwanji?

Amake Chikondi (Chadiza), 06:40
Mwauka bwanji nonse. Ndithandizeni mutu usanandiphulike. Ndine mlembi wa kopaletivu yathu kuno. Chaka chatha mwana wanga anandiikira Obsidian, pulogalamu yosungira manotsi, pa laputopu, hadikava ya maina itanyowa ndi mvula mpaka inki yonse kuyenderera. Mlimi aliyense ali ndi tsamba lake, msonkhano uliwonse tsamba lake. Ndikamalemba za msonkhano ndimaika dzina la mlimi motere [[Phiri soya]], ndiye ndikadina pamenepo ndimafika pa tsamba lake. Zimayenda bwino ndithu. Koma a Phiri ndili nawo anayi, awiri mwa iwo amalima soya, ndipo ndinayamba kuwasokoneza. Dzulo usiku ndinatsegula foda pa Windows n'kusintha maina a mafayilo oposa 30, kuwonjezerapo mudzi wa munthu aliyense. Lero ndikadina linki ikunditsegulira tsamba loyera mbee, lopanda ngakhale chilembo. Loweruka tili ndi msonkhano wa ngongole za mbewu.

Yami (Kalongwezi), 06:52
Tauka bwino amayi. Mtima pansi, palibe chafufutika. Obsidian imatsata dzina la fayilo basi. Linki ikufuna fayilo yotchedwa "Phiri soya", sikuipeza, ndiye ikupanga yatsopano yopanda kanthu. Mukasintha dzina muli m'kati mwa Obsidian, yokha imayenda m'masamba onse n'kukonza malinki, bola mu Settings pa "Files and links" muyatse pamene palembedwa "Automatically update internal links". Inu munasinthira kunja, iyo osadziwa. Chitani izi: fufutani timasamba toyera tomwe tabadwa lero, bwezerani maina akale pa Windows pomwepo, kenako musinthenso muli m'kati.

Amake Chikondi (Chadiza), 06:58
Maina akale onse 30 ndiwakumbukire? Mwana iwe.

Yami (Kalongwezi), 07:01
Ali m'malinki akufawo amayi, amaoneka ofwifwa kusiyana ndi anzawo. Mungokopera mmenemo.

A Tembo (Kapata), 07:35
Zikomo a gulu. Ine za makompyuta ndinazipeza nditakalamba, koma matenda awa ndimawadziwa, ndinakhala mu registry, ofesi yosungira mafayilo, zaka zambiri. Mayi, mwakonza lero, koma mudzagwanso m'dzenje lomweli, chifukwa mwapachika zonse pa dzina. Dzina silikhala malo amodzi. Inuyo munabadwa ndi dzina lina, lero tonse tikuti Amake Chikondi. Tauni yathu ino inali Fort Jameson, pambuyo pa ufulu wa 1964 inasanduka Chipata. Pamene ndimayamba ntchito ndinapeza mafayilo akale achikuto cha khaki olembedwa Fort Jameson, wina atakhwatcha ndi bolopeni n'kulemba Chipata pamwamba. Koma nambala ya pakona ya chikuto palibe anaikhudza, ndipo kalata iliyonse yotchula nambala imeneyo inkafika m'fayilo yoyenera. Kwinanso dzina limodzi limakhala la anthu ambiri. N'chifukwa chake timawerenga kuti Mpezeni woyamba, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Ku registry lamulo linali limodzi: fayilo ikabadwa ilandire nambala, ndipo nambalayo ife nayo. Ngakhale fayilo itatsekedwa, nambala yake sitinkapatsa ina.

Mjomba wa ku Mchini, 07:41
Madala ayamba history. Tikhale pansi.

A Tembo (Kapata), 07:44
Khala pansi ndithu mwana wanga, uphunzire.

Aphunzitsi (Katete), 08:20
A Tembo akunena zoona, ndipo alipo mzungu wina amene anakhalira moyo wake wonse pa mfundo yomweyo. Niklas Luhmann, wa ku Germany, ankaphunzitsa pa yunivesite ya Bielefeld, anamwalira 1998. Anasiya timakadi ta pepala pafupifupi 90,000 m'madirowa a matabwa, chimene Ajeremani amati Zettelkasten. Kadi iliyonse inali ndi nambala yake pakona, yosasintha. Akafuna kupitiriza ganizo la pa kadi 21/3, ankalemba kadi yatsopano 21/3a n'kuilowetsa kumbuyo kwake. Ganizo likabala lina, 21/3a1, choncho mpaka nambala kutalika ngati njoka. Pa kadi ina akafuna kunena kuti "onaninso uko" ankangolemba nambalayo. Linki ndi imeneyo, kompyuta kulibe. Ine ndimagwiritsa njira yofanana pokonza maphunziro a Geography. Tsamba la mtsinje wa Luangwa ndi 4, kusefukira kwa madzi ku Mambwe ndi 4a, kukokoloka kwa nthaka 4a1.

Yami (Kalongwezi), 08:31
Aphunzitsi ndikutsutseni pang'ono mwaulemu. Luhmann ankafunika nthambi zimenezo chifukwa pepala limakhala malo amodzi m'dirowa, nambala inali adiresi yake. Pa kompyuta tsamba limodzi lingalozedwe ndi masamba 50 osasuntha. Ndiye kuvutika kuganiza kuti ili ndi 4a1 kapena 4b n'kutaya nthawi. Komanso kamzere kopendekera kaja / Windows sikalola pa dzina la fayilo. Zoletsedwa ndi izi: \ / : * ? " < > | . Ndiye 21/3a singakhale dzina la fayilo, ngakhale manambala a ku registry a madala sangalowe momwe alili.

Aphunzitsi (Katete), 08:38
N'chifukwa chake anga alibe kamzere. Koma nthambizo sizachabe iwe. Ndikayang'ana mndandanda ndimaona ndi maso kuti ganizo ili linabadwa kwa liti. Nambala yopanda nthambi singandiuze zimenezo.

Yami (Kalongwezi), 08:40
Chabwino, kwa munthu wolemba maganizo. Amayiwa akusunga alimi ndi ngongole, alimi sabalana ngati maganizo.

Mjomba wa ku Mchini, 08:41
Alimi sabalana? Pita ku Chadiza ukaone.

Amake Chikondi (Chadiza), 09:15
Ndabwezera 12, zikugwiradi. Tsono za nambalazo. Bwanji ndingogwiritsa nambala ya NRC, chitupa cha unzika? Aliyense ali nayo yake, ndipo ndili nazo kale zonse chifukwa cha FISP, thandizo la boma la feteleza ndi mbewu.

Asisi Zulu (Petauke), 09:34
Amayi chonde ayi. Maganizo ake ndi olondola, boma linaona kalekale kuti a Phiri ndi a Banda ndi ochuluka ngati mchenga ndiye linatipatsa manambala. Koma pali zinthu zitatu. Choyamba NRC ili ndi timizere tiwiri tomwe Yami wanena, manambala asanu ndi limodzi, kamzere, awiri, kamzere, imodzi. Chachiwiri, dzina la fayilo limayenda. Mukatumiza tsamba limodzi pa WhatsApp kwa apampando, nambala ya NRC ya munthu yapita nayo, mawa ili pa gulu la mpingo. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2021, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo, achinyengo a mobile money akufuna zomwezo. NRC ikhale m'kati mwa tsamba ngati ikufunikadi, osati pa chitseko. Chachitatu, msonkhano ulibe NRC, munda ulibe, risiti ilibe. Mukufunika njira imodzi ya masamba onse.

Ine ndimalemba zofunsa alimi a nshawa m'midzi, ndimagwiritsa pulogalamu ina yotchedwa Joplin. Kumeneko vuto lanulo kulibe. Tsamba lililonse likabadwa limalandira nambala yobisika ya zilembo 32, manambala osakaniza ndi zilembo a mpaka f. Mukadina kumanja pa tsamba n'kusankha "Copy Markdown link", linki imatenga nambalayo, osati mutu. Mutu sinthani kakhumi, linki ili nji. Pulogalamu ya Notion nayonso ndi chimodzimodzi, mukayang'ana adiresi ya tsamba kumapeto kuli zilembo 32 zimenezo, koma Notion imakonda intaneti, ndipo mabandulo kuno mukudziwa.

Amake Chikondi (Chadiza), 09:41
Ndiye ndisamuke?

Asisi Zulu (Petauke), 09:47
Msonkhano uli Loweruka, musasamuke sabata ino. Ndiponso ndinene chilungamo, Joplin ili ndi msampha wake. Manotsi amakhala m'database, si mafayilo oti mutsegule pa Windows n'kuwerenga maina. Ukayang'ana foda yomwe imasungirako pa Dropbox umangoona mafayilo a maina ngati 8f3a91c0 ndi zina zotero, sungadziwe kuti a Phiri ndi ati. Tsiku lina ndinafuna kupatsa mnzanga tsamba limodzi pulogalamu itakana kutseguka, ndinatuluka thukuta.

Yami (Kalongwezi), 10:05
Zilembo 32 zimenezo ndi mtundu wa chomwe amati UUID. Ndi nambala ya mabiti 128. Mtundu wofala, version 4, mabiti 122 amangotoledwa mwachisawawa ngati maere. Kuchuluka kwa manambala otheka ndi 5 wotsatiridwa ndi maziro 36, ndiye makompyuta awiri, ina ku Lundazi ina ku Nyimba, osalankhulana, angapange manambala tsiku lonse osagundana. Ubwino wake ndi umenewo, safuna kalaliki wogawa manambala. Kuipa kwake, munthu sangaiwerenge pa foni. Tayesani kuuza apampando kuti tsegulani tsamba 8f3a91c0 dashi 4b7e.

Kwa amayiwa ine ndikuti njira ya pakati: nambala ya tsiku ndi nthawi. Mu Obsidian muli kale kachipangizo kotchedwa "Unique note creator", mumangoyatsa pa "Core plugins". Mukapanga tsamba ndi kachipangizoko limadzitcha lokha chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi. Tsamba lobadwa pa 5 November 2024 nthawi ya 14:30 likhala 202411051430. Inu muwonjezere mawu pambuyo pa nambalayo: "202411051430 Phiri soya". A Phiri achiwiri adzakhala ndi nambala ina chifukwa simungawalembe mphindi imodzi.

A Tembo (Kapata), 10:12
Bwanji chaka kuyamba? Ife tinkalemba tsiku, mwezi, chaka.

Yami (Kalongwezi), 10:17
Chifukwa kompyuta imandanda kuyambira kumanzere atate. Mukalemba 05-11-2024 ndi 20-01-2025 ndi 01-03-2025, idzaika wa March poyamba chifukwa wayamba ndi 01, masiku onse oyamba a mwezi aunjikana pamodzi ngati mbuzi. Mukayamba ndi chaka zimadzindanda zokha kuyambira chakale mpaka chatsopano. Ndi dongosolo la ISO 8601, lakhalapo kuyambira 1988.

Aphunzitsi (Katete), 10:44
Pamenepo ndigwire Yami pa mkono. Ngati fayilo ndi "202411051430 Phiri soya", linki nayo ikhala [[202411051430 Phiri soya]]. Amayiwa akadzasinthanso mawuwo ali pa Windows, linki ifa chimodzimodzi, nambala ilipo kapena ayi. Obsidian siwerenga nambala yokha, imawerenga dzina lonse. Ndanama?

Yami (Kalongwezi), 10:50
Simunaname. Imafadi. Kusiyana n'kwakuti maliro ake ndi ofupika: mukopera nambala, muika pa search, fayilo yatuluka pamodzi ndi masamba onse oitchula. Dzulo amayiwa analibe chogwira. Amene safuna kuti ife n'komwe, fayilo aitche nambala yokhayokha, mutu ukhale m'kati pa mzere woyamba, linki alembe [[202411051430|a Phiri a soya]]. Mawu a kuseri kwa kamzere koimirira ndi ongoonetsa, musinthe mmene mufunira. Pulogalamu ya Zettlr ndiye inapangidwira zimenezi, nambala yake ili ndi manambala 14 chifukwa imafika mpaka pa masekondi, ndipo imatha kupeza tsamba ndi nambalayo.

Amake Chikondi (Chadiza), 10:58
Ndiye nditsegule foda ndione manambala okhaokha 200? Apampando athu amaika magalasi pa mphuno n'kumafufuza dzina ndi chala pa sikirini. Akaona zimenezo adzati ndabisa ndalama.

Mjomba wa ku Mchini, 11:00
Walira mvula walira matope amayi.

Asisi Zulu (Petauke), 11:06
Nambala ndi mawu, zonse ziwiri. Ndi kulumbira kuti dzina simudzasinthiranso kunja.

Bambo Sakala (Vubwi), 12:30
Ndangolowa, netiweki kuno imabwera ngati mlendo. Ndawerenga zonse. Ine ndimasunga mabuku a sitolo ya mbewu ndi feteleza, ndipo ndili ndi chilonda pa nkhani iyi. Ndinkadziona wochenjera, ndinapanga manambala olankhula: CDZ-CHIM-045, kutanthauza Chadiza, chimanga, kasitomala wa 45. Ukangoona nambala wadziwa zonse. Ndiye mu 2012 Vubwi inachoka ku Chadiza n'kukhala boma payokha. Makasitomala anga theka ali ndi CDZ koma si a Chadiza. Ndinati ndisinthe akhale VBW, ndinasintha m'buku lalikulu, koma malisiti omwe anthu anasunga m'zitini kunyumba anali ndi nambala yakale. Mayi wina anabwera ndi lisiti la CDZ-CHIM-045, ine m'buku 045 wa Chadiza ndinali nditapatsa munthu wina. Tinakangana mpaka anthu kudzaza pa khonde, ndipo wolakwa ndinali ine. Kenako wa chimanga uja anayamba kulima mpendadzuwa, CHIM nayo yasanduka bodza. A ku Chipata musaseke, 2018 Kasenengwa ndi Chipangali zinachoka kwa inu, ku Lundazi kunachoka Lumezi ndi Chasefu. Chilichonse chomwe chingasinthe musachiike m'nambala. Mudzi, mbewu, boma, zonsezo zilembeni m'kati mwa tsamba kapena muziike ngati matagi.

A Tembo (Kapata), 12:41
Mwalakwa kawiri a Sakala, kusintha nambala, ndi kupatsa wina nambala ya mwini wake. Kwathu ku registry chachiwiricho chinali chochotsetsa ntchito. Koma ndivomere, ifenso manambala athu anali olankhula, zilembo za dipatimenti kutsogolo. Madipatimenti akaphatikizidwa tinkavutika chimodzimodzi, tinkangolemba kadi yoti "onani fayilo yakuti" n'kuiika pa malo akale.

Aphunzitsi (Katete), 12:49
Nanga tsiku silolankhula? 202411051430 ikunena tsiku.

Yami (Kalongwezi), 12:53
Ikunena chinthu chomwe sichingasinthe, tsiku lomwe tsamba linabadwa. Bola musaiwerenge ngati tsiku la msonkhano. Msonkhano wa pa 2 mukaulemba pa 5, nambala ndi ya pa 5, isiyeni choncho. Tsiku la msonkhano lilembeni m'kati.

Amake Chikondi (Chadiza), 14:10
Mwachoma bwanji. Magetsi anathima, ndatchajira kwa aneba a sola. Onse 30 abwerera. Funso lina. Tilipo awiri olemba, ine ndi wachiwiri wanga, iye amalemba pa laputopu ya mwamuna wake, timaphatikiza ndi flash Lachisanu lililonse. Mwezi wa June tonse tinali ndi fayilo yotchedwa "Msonkhano", Windows inafunsa kuti ndilowetse m'malo mwa inayo, ine ndinadina inde ndili ndi mwana kumsana. Mfundo za msonkhano wa April zinapita choncho, mpaka lero. Nambala ya nthawi ithetsa zimenezi?

Yami (Kalongwezi), 14:22
Ithetsa zambiri koma osati zonse. Tsiku lolemba alimi atsopano mutakhala pa tebulo limodzi, inu mzere uwu iye mzere uwo, mungapange masamba mphindi imodzi, manambala n'kufanana. Mankhwala ake ndi osavuta. Pa "Unique note creator" pali bokosi la format, palembedwa YYYYMMDDHHmm. Wonjezerani ss kumapeto kuti masekondi alowe. Kapena aliyense aziwonjezera chilembo chake pa dzina la tsamba likabadwa, inu C iye M.

Bambo Sakala (Vubwi), 14:40
Chilembocho sicholankhula? Mlembi akasintha?

Yami (Kalongwezi), 14:43
Chikunena amene analipanga tsikulo, zimenezo sizisintha ngakhale atachoka. Wobwerayo atenge chilembo china.

Asisi Zulu (Petauke), 14:58
Chilembocho chili ndi phindu lina lomwe simunaliganize. Tsiku lina mudzafuna kuika manambalawo mu Excel pa mndandanda wa ngongole. Excel ikaona nambala ya manambala 12 imaionetsa ngati 2.02411E+11, alimi onse a mwezi umodzi n'kuoneka ofanana. Ukasunga ngati fayilo ya CSV ili choncho, mbali yakumapeto imatha kutayika. Zinandichitikira ndi manambala a zofunsa, ndinabwerera ku mapepala usiku wonse ndi tochi ya foni. Pakakhala chilembo, Excel imaiona ngati mawu, siikhudza.

Chinanso yang'anani wotchi ya laputopu. Malaputopu akalewa kabatire kakang'ono ka m'kati kakatha, magetsi akathima tsiku limabwerera zaka zambiri kumbuyo. Wanga wina anandipangira masamba a chaka chomwe ndinali ndisanayambe ntchito. Nambala imagwirabe ntchito, koma mukayatsa kawiri wotchi n'kuyambira pamalo amodzimodzi, kugundana kwayandikira.

Amake Chikondi (Chadiza), 15:06
Ya mwamuna wa mnzangayo ndi yomweyo, nthawi zonse imati January.

Mjomba wa ku Mchini, 15:08
Kabatire kameneko ndi kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032 pa makompyuta ambiri. Anyamata okonza mafoni ku Kapata market amakhala nako. Mwaona, nanenso ndathandiza.

Admin, 15:15
Amene waika chithunzi cha nkhuku zogulitsa ndachotsa. Malonda ndi Lachisanu.

Aphunzitsi (Katete), 16:02
Chatsala chimodzi chomwe chikundivuta pa njira ya Yami. Munthu ali ndi maina atatu, la pa NRC, la kumudzi, ndi la Amake uje. Amayiwa polemba mfundo mwachangu adzalemba lomwe lili pakamwa. Adzakumbukira bwanji nambala?

Yami (Kalongwezi), 16:10
Safunika kuikumbukira. Pamwamba pa tsamba pali malo a properties, muikepo "aliases" n'kulemba maina onse atatu. Mukatsegula timabulaketi ta linki [[ n'kuyamba kulemba lililonse mwa iwo, Obsidian ikubweretserani tsamba lomwelo, n'kulemba yokha nambala kuseri.

A Tembo (Kapata), 16:25
Ndiye index card yathu ija yabwera pa kompyuta. Tinali ndi kabokosi ka makadi a maina mwa alifabeti, kadi iliyonse ikuloza nambala ya fayilo. Munthu wa maina awiri, makadi awiri, fayilo imodzi. Koma mayi, masamba 200 omwe muli nawo kale muwapatsa nambala zanji? Tsiku lomwe anabadwa simulikumbukira.

Yami (Kalongwezi), 16:31
Apatseni a tsiku lomwe mukuwakonza, mphindi ndi mphindi. Palibe adzafunse.

Aphunzitsi (Katete), 16:33
Ndiye nambala ikunama za tsiku lobadwa, chomwe unati sichingachitike.

Yami (Kalongwezi), 16:35
Ndi tsiku lomwe nambala inabadwa aphunzitsi, osati tsamba. Mwandigwira pang'ono, ndavomera.

Amake Chikondi (Chadiza), 17:20
Ndayamba ndi a Phiri anayiwo, ndili m'kati mwa Obsidian, ndipo yandifunsa yokha kuti ikonze malinki 17, ndavomera. Ena ndidzachita msonkhano ukatha, khumi pa tsiku. Koma pofufuza ndapeza kuti a Phiri a soya awiri aja mmodzi ndinamulembera matumba awiri a mbewu omwe anatenga mnzake, kuyambira November. Ndiye mawa m'mawa ndikwera njinga kukawaona onse awiri Loweruka lisanafike. Yami, za ss zija ndilembe zilembo zazing'ono kapena zazikulu?

Yami (Kalongwezi), 17:22
Zazing'ono amayi. Zazikulu ndi tizidutswa ta sekondi.